Khadi Langa, Thupi la Asisi

Kwathu tinakula tikubwerekana chilichonse. Tinabadwa atsikana awiri okha, asisi ndi ine, ndipo nsapato zopitira ku tchalitchi zinali peya imodzi. Iwo ankapita ku Misa yoyamba n'kubwera chothamanga, ine n'kuvala zikadali zofunda kupita ku yachiwiri. Chitenje, mpango, singano, ngakhale kope la kusukulu ankaling'amba pakati n'kundipatsa theka. Ndiye tsiku limene ndinawabwereka khadi langa la kuchipatala, sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti ndikulakwa. Ndinkaliona ngati mpango basi.

Asisi anakwatiwa ku Kanakantapa, kumene ankalima chimanga ndi matimati pamodzi ndi alamu. Ine ndinapitako patsogolo pang'ono ndi sukulu, ndinapeza ntchito yaukalaliki mu ofesi ina ya boma ku Lusaka, n'kumanga kanyumba pa puloti yathu ku Chongwe. M'mawa uliwonse minibasi, madzulo minibasi. Asisi akabwera ndi matimati kumsika wa pa boma ankagona kwanga.

Chaka china m'dzinja anafika akutsimphina. Khasu linawatema pamwamba pa phazi, iwo n'kungomangapo kansanza, n'kupitiriza kupalira sabata yathunthu. Nditamasula kansanzako ndinachita kutembenuza nkhope. Phazi linali litatupa, likutentha, likununkha. Ndinawakalipira mpaka pakhosi panauma, pakuti ine pakamwa sindisunga, ndipo kutacha ndinawakokera kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwathu.

Masiku amenewo chipatalacho chinali chitangoyamba kugwiritsa ntchito makompyuta. Wodwala aliyense ankapatsidwa khadi lolimba ngati la kubanki. Ukafika ankalilowetsa m'kamakina, mbiri yonse ya matenda ako n'kuonekera pagalasi. Ine ndinali nalo langa. Asisi analibe, ndipo kuti awapangire panafunika chitupa chawo, chomwe chinali m'sutikesi ku Kanakantapa. Mzere wa ofuna makhadi atsopano unali utazungulira mtengo wa mango mpaka kugeti. Nthawi ya ntchito ikundithamangitsa, bwana wanga anali munthu woti ukachedwa amakudikira pakhomo manja atapinda.

"Tengani ili," ndinatero. "Akakufunsani dzina, mukambe langa."

"Nanga akadziwa?"

"Adziwe bwanji? Mphumi ni imodzi, mpata wa mano ni umodzi. Lowani chabe, ba sisi, ine nachedwa."

Ndinawasiya pa benchi, n'kuthamangira minibasi.

Chakumasana bambo a kunyumba kwanga anandiimbira foni. Nditayankha anafuula: "Iwe! Uli moyo? Uli kuti?" Achipatala anali atawaimbira kuti akazi anu ali pakati pa moyo ndi imfa, bwerani msanga, chifukwa pa khadi langa panali nambala yawo. Ndinathamangira ku Chongwe. Asisi anali atawabaya jakisoni wa chilonda chija, ndipo pasanapite nthawi nkhope inafufuma, maso anatsekeka, pakhosi panatseka, mpweya ukungolira fiii. Anawapulumutsa ndi jakisoni wina. Ndinawapeza atagona, milomo idakali yotupa, akupuma movutikira.

Amene anawathandiza anali bambo wachikulire wa magalasi. Anaima pamutu pa bedi n'kuwaitana asisi ndi dzina langa. "Amayi, mankhwala awa musakalandirenso moyo wanu wonse. Kachiwiri sitizakwanitsa kukubwezani. Nalemba mu kompyuta na zilembo zofiira. Chipatala chilichonse chili na makina aya, akaika khadi lanu azaona." Anatchula dzina la mankhwalawo, lalitali, la Chingerezi chopotana. Linalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ine ndinaima pomwepo ndikugwedeza mutu ngati mlendo wodzazonda matenda. Mawu anafika mpaka pamilomo, koma asisi anandiyang'ana ndi timaso tawo totupato, ndipo ndinawameza.

Phazi linapola. Nkhaniyo tinaisandutsa nthabwala, makamaka zija za bambo a kunyumba kulira maliro a mkazi amene akudya mabanzi mu ofesi. Khadi ndinaliponya m'nyumba, osaligwiritsanso ntchito. Mutu ukandipweteka ndinkangogula mapiritsi kusitolo ya mankhwala.

Patapita zaka ziwiri asisi anapeza chotupa m'bere lakumanzere. Anachibisa mpaka atakolola, monga mwa khalidwe lawo, ndipo pamene anandionetsa chinali cholimba ngati nthudza yosapsa. Ulendo uno tinachita zonse mwadongosolo. Anatenga chitupa chawo, anawapangira khadi lawolawo la dzina lawo, anawatumiza ku Lusaka, ndipo kumeneko anatiuza kuti ndi khansa. Anati ayamba ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha, aja amati kemo, kenaka adzachita opaleshoni.

Tsiku lolembetsa ndinali nawo m'chipindamo. Namwino anaika khadi latsopanolo m'makina, pagalasi panali mbee, popanda kalikonse kofiira. Anafunsa mafunso ambiri, kenaka anati, "Pali mankhwala amene sagwirizana na thupi lanu?"

"Palibe," anatero asisi, osaphethira n'komwe.

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Mumtima ndinadziuza kuti mankhwala a phazi ndi ena, a khansa ndi ena, sangakumane. Pobwerera, m'minibasi, ndinawanong'oneza kuti mwina tikananena.

"Ufuna akuchotse ntchito?" anandiyankha. "Iwe ndiwe wa boma. Akamva kuti unanamiza makina a boma, ana ako azadya chani? Khala zii. Ine ni mukulu wako, nakamba."

Ndinakhaladi zii. Pa zinthu zonse zimene ndachita pamoyo wanga, chete ameneyo ndi amene ndimadana naye kwambiri.

Kemo inawathyola asisi. Tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada, chakudya chilichonse ankati chikumveka chitsulo. Atalandira kachitatu anakakamira kubwerera ku Kanakantapa, ati nkhuku zawo zikutha ndi agalu. Madokotala anali atatichenjeza kuti mankhwalawa amapha asilikali a m'magazi, choncho thupi likangotentha tisadikire, tithamangire kuchipatala chilichonse chapafupi.

Linali Lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, ine ndili pa desiki ku Lusaka ndikudinda makalata, pamene alamu anaimba. Alamu ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akupepesa. Anayamba ndi moni, kufunsa ana, kufunsa bambo.

"Ba mulamu, kambani nkhani!"

"Awe, ni akulu anu. Thupi yapsa kuchokera m'mawa, akunjenjemera. Tabwera nawo kuchipatala kuno ku Chongwe, awagoneka. Adokotala ati magazi alibe mphamvu, afuna kuika mankhwala amphamvu mu diripi, aja opha tizilombo."

Chidindo chinandigwa m'manja. Mankhwala opha tizilombo. A chilonda cha phazi aja analinso opha tizilombo. Ndinaona nkhope ija yofufuma ngati ili patsogolo panga.

"Ba mulamu, mverani bwino. Yendani kwa anesi manje manje. Muwauze kuti asaike chilichonse. Pali mankhwala amene anatsala pang'ono kuwapha."

"Ati chani dzina lake?"

"Siniziwa! Yendani chabe!"

Sindinapemphe chilolezo kwa bwana. Ndinatenga chikwama n'kutuluka, makalata ali mbwee pansi. Pa siteshoni ndinapeza minibasi ya ku Chongwe yatsala mipando itatu, injini ikulira mwachinyengo monga amachitira, kuti uziganiza kuti ikunyamuka. Ndinakhala pafupi ndi zenera, mapazi akungogunda pansi okha. Amene anakhala pambali panga anali mayi wina wa m'bungwe lathu la amayi kutchalitchi, munthu woti nkhani ikamufika m'mawa, madzulo yafika ku Chalimbana. Tinapatsana moni. Ndinati mayo ine, lero lokha.

Titangonyamuka alamu anaimbanso.

"Nawauza. Anesi afunsa akulu anu, koma iwo akana. Ati palibe chotero, ati paja anali chabe malungo. Mu kompyuta namo mulibe. Anesi ati nimwe ndani, afuna kukamba na imwe."

Asisi! Munthu ali pabedi mano akugundana, koma akadali kunditchinjiriza ine ndi kantchito kanga kodinda makalata. Ndinapsa mtima moti akanakhala pafupi ndikanawagwedeza, khansa yawoyo ili apo.

Mawu a mayi anamveka pa foni, achangu, a munthu amene ali ndi odwala ena ambiri. "Ndimwe ndani kwa odwala?"

"Ndine mung'ono wawo. Ba nesi, napapata, osawapatsa mankhwala. Anatupa pakhosi zaka ziwiri zapita, anatsala pang'ono kufa."

"Mankhwala ati?"

"Siniziwa dzina."

"Amayi, mankhwala opha tizilombo ni ambiri. Ngati simuziwa dzina, nipewe ati? Eni ake akana. Pa khadi lawo palibe chilichonse. Zinachitikira chipatala chiti? Ngati chili na makina, zikanaoneka apa."

M'minibasi munali phee. Wailesi inali yozima, aliyense akumva. Mayi wa kutchalitchi uja anali atapendeketsa mutu, akunamizira kuyang'ana panja. Ndinatseka maso.

"Zinalembedwa pa khadi langa. Tsiku lija analowa na khadi langa, na dzina langa. Nine ninawapatsa."

Ndinamva namwino akuitana munthu, mapazi, kenaka mawu ena, a mtsikana ndithu koma olimba. Anati ndi dokotala. Anandifunsa mmene kutupako kunachitikira, kunatenga nthawi yaitali bwanji, ngati anakomoka. Ndinayankha zonse. Ndinawapempha kuti angolemba dzina langa mu kompyutamo aone.

"Sizichitika tero. Mbiri ya munthu wina sinitsegula na mawu a pa foni, ndipo makina afuna khadi lenileni. Muli nalo?"

"Lili kunyumba. Nili mu basi, nichoka ku Lusaka."

"Mverani, amayi. Akulu anu alibe asilikali m'magazi. Tizilombo tikuyenda m'thupi popanda wotiletsa. Munthu wotere sitimudikiritsa, mankhwala afunika kulowa manje. Nikadikira maningi nizawataya, nikaika olakwika nizawataya. Nizaona ngati pali ena amene ningayambe nawo, koma amene tili nawo pafupi ni aja nawakonza kale. Nikupatsani ola limodzi. Likatha niyamba, na jakisoni wotsitsimutsa pambali."

Foni inaduka. Tinali tisanafike n'komwe pamphambano ya ku eyapoti.

Ndinayembekezera kuti anthu ayamba kunong'onezana. M'malo mwake bambo wina wa jekete kumbuyo anakuwa: "Ba dalaiva, mwamva? Osaimaima!" Mayi wina amene ankatsikira panjira anati amutsitse pamene pali posavuta, ayenda wapansi. Mayi wa kutchalitchi uja anandigwira dzanja, osandiyang'ana, n'kunena chapansipansi kuti, "Khadi langa lili na apongozi anga, mwezi wachitatu uno." Ndinkangoyang'ana nthawi pa foni.

Msewu wa ku Chipata ndaudutsa kambirimbiri, ndimadziwa chitumbira chilichonse, koma tsiku limenelo unatalika. Dalaiva anayesetsa, Mulungu amudalitse. Ankadutsa anthu oimika basi osawayang'ana, kondakitala akung'ung'udza. Koma titayandikira njira yokhotera ku Chalimbana tinapeza lole ya makala itafera pakati pa msewu, matumba ena atagwa, magalimoto ali ndondondo mbali zonse. Tinaima. Ndinatsegula zenera n'kuyamba kukalipira anthu amene sanandilakwire, amuna amene ankakoka matumbawo pang'onopang'ono ngati ali paukwati. Ndinawatchula mayina amene sindingawalembe pano. Dalaiva anatsikira m'mbali mwa msewu, m'fumbi, minibasi itapendekeka, amayi akukuwa, n'kutulukira kutsogolo kwa loleyo. Pamenepo theka la ola linali litapita kale ndi mphindi zina pamwamba.

Ndinatsika pa siteji yathu basi isanaimitsitse. Kuchokera pamsewu kufika kunyumba ndi kanjira ka fumbi kodutsa mapuloti osamaliza kumanga. Ndinavula nsapato za ku ofesi n'kuzigwira m'manja. Mayi wa zaka zanga, wa thupi langa, kuthamanga wopanda nsapato masana dzuwa lili pamutu, anthu omanga nyumba anasiya njerwa n'kumandiyang'ana. Kiyi anakana kulowa kawiri.

Ndinkadziwa kuti khadi lili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu. Ndinachitsitsa n'kukhuthulira pabedi. Mabatani, malisiti akale, makhadi a sikelo a ana, chithunzi cha malemu amayi. Khadi panalibe. Ndinakhuthula madirowa onse, ndinagwetsa sutikesi, ndinasanthula m'matumba a majekete a bambo. Foni inalira. Alamu.

"Anesi abwera na thireyi. Muli kuti?"

"Nili pafupi! Auzeni nili pa geti!"

Ndinanama, ndili pakati pa chipinda, zovala zili mbwee mpaka m'maondo. Ndinagwada pansi, osati kupemphera, koma kusanthulanso zovalazo. Ndili chogwada choncho ndinaona pansi pa bedi chikwama chakale chakuda chimene ndinanyamula tsiku la phazi lija. Ndinachikoka. Khadi linali m'kathumba ka m'kati, pamodzi ndi kapepala ka jakisoni kofufutika, kosawerengeka.

Nyumba ndinaisiya yosakhoma. Pamsewu ndinaima pakati penipeni n'kutambasula manja, galimoto yoyamba inaima matayala akulira. Anali bambo wina wonyamula mathireyi a mazira. Sanafunse zambiri, anangoona nkhope yanga n'kutsegula chitseko.

Ola linali litatha ndi mphindi zingapo pamene ndinalowa mu wodi ya amayi. Ndinawaona alamu poyamba, ataima pafupi ndi bedi chipewa chili m'manja. Anali ataima pakati pa namwino ndi mkono wa asisi, munthu wofatsa uja, akungobwereza kuti, "Pepani, ali pa geti, pepani, ali pa geti." Asisi anali m'mabulangete awiri, mutu wopanda tsitsi uli mbee pa pilo, milomo itang'ambika, bedi likugwedezeka ndi kunjenjemera kwawo. Diripi ya madzi inali ikudontha kale. Pa thireyi panali timabotolo tiwiri ndi jakisoni wodzaza, wokonzeka.

Dokotala anali wamng'onodi, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Sanandipatse moni. Anatambasula dzanja, ndinamupatsa khadi, tinapita pa tebulo la anamwino. Analilowetsa m'makina n'kundifunsa dzina ndi tsiku lobadwa, n'kuyang'ana chitupa changa. Pagalasi panabwera kachizindikiro kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira.

"Netiweki," anatero namwino.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Kumbuyo kwanga ndinkamva mano a asisi akugundana. Dokotala anayang'ana wotchi yake, anayang'ana thireyi, anayang'ananso galasi. Ndinamumva akuuza namwino chapansipansi kuti abweretse pafupi jakisoni wotsitsimutsa uja. Ine thukuta lili kamukamu, mapazi akutuluka magazi pa simenti, ndikulankhula ndi kompyuta ngati munthu: tseguka, iwe, tseguka.

Inatseguka. Dzina langa pamwamba, zaka zanga, ndipo pansi pake mzere wofiira.

Dokotala anawerenga osatulutsa mawu. Anapita pa thireyi, anatenga kabotolo kamodzi, anakatembenuza n'kuwerenga, n'kubwereranso pagalasi. Kenaka anatenga timabotolo tonse tiwiri ndi jakisoni uja n'kuzichotsa pa thireyi, kuziika kutali pa shelefu. Anatchula dzina la mankhwala ena, namwino ananyamuka chothamanga.

"Ni amene aja?" ndinafunsa.

"Ni a banja limodzi."

Ndinakhala pansi, pa simenti pomwepo, pakati pa wodi. Sindinalire. Ndinkangomva mtima ukugunda m'makutu.

Mankhwala enawo atalowa mu diripi, dokotala anandiitanira pakhonde. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa kukalipirana ndimakudziwa. Iye analankhula motsitsa. "Kwa zaka ziwiri makina aya akhala akuteteza munthu wolakwika. Imwe mukanadwala, tikanakumanani mankhwala amene akanakuthandizani. Akulu anu tikanawapatsa amene akanawapha, ndipo ine nikanalemba kuti siniziwa chifukwa." Ndinangoti pepani, mawu amene sakwanira kalikonse.

Nditabwerera pabedi asisi anatsegula maso pang'ono.

"Wakamba?"

"Nakamba."

"Chitsiru iwe," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Thupi linapitiriza kutentha masiku atatu. Dokotala sanabise kuti ola lija tinalitaya likhoza kutidyera, kuti tizilombo tinapeza mpata. Masiku atatu amenewo ndinakhala pa mpando wapulasitiki pambali pa bedi, ndikuwapukuta ndi kansalu konyowa, ndikudziwa kuti zikavuta palibe wina womuloza chala. Asisi sanandilankhule. Akafuna madzi ankauza alamu, ine ndili pomwepo ndi kapu m'manja. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinagwira pamphumi pawo, panali pozizira, pa thukuta. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Phala la muno lilibe mchere. Kaphike lako ubweretse." Ndinatuluka panja, kuseri kwa thanki ya madzi, n'kulira mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Kukonza mbiriyo sikunali kwa tsiku limodzi. Anatitumiza kwa mayi woyang'anira mafayilo, amene anandilembetsa kalata yofotokoza zonse ndi dzanja langa, ine ndisaine, asisi adinde chala, dokotala atsimikize. Anayenera kulankhulanso ndi chipatala chaching'ono chija kuti achotse chilonda cha phazi ndi mzere wofiira pa dzina langa, azisamutsire pa dzina la asisi. Ndinapitako maulendo angapo, nthawi iliyonse ndikufotokozanso uchitsiru wanga kwa munthu watsopano. Mayiyo anandiuza kuti si ine woyamba, ndipo chimene chimamuopsa ndi aja amene sabwera kudzanena. Ntchito sanandichotse. Bwana anangondifunsa chifukwa chimene ndinasiyira makalata pansi, ndinati matenda, nkhani inathera pomwepo. Chinthu chimene tinachiopa zaka ziwiri, mpaka kutsala pang'ono kuika munthu m'manda, chinatha ndi funso limodzi.

Nthawi ya opaleshoni itakwana tinapita ku Lusaka. Dokotala wogonetsa odwala, bambo amene anali asanationepo, anaika khadi la asisi m'makina. Tisanatsegule pakamwa anati, "Apa naona kuti pali mankhwala amene simugwirizana nawo. Munatupa pakhosi, eti? Tizagwiritsa ntchito ena." Analemba pa kalamba kofiira kapulasitiki n'kuwamanga pamkono. Asisi anakayang'ana kalambako, anandiyang'ana ine. Opaleshoni inayenda bwino.

Anakhala nafe zaka zina ziwiri. Tsitsi linamera, lofewa, la imvi. Analima matimati kawiri, anakwatitsa mwana wawo wamkazi, anavina paukwatiwo ndi bere limodzi mpaka chitenje chinamasuka. Kenaka khansa inabwerera m'mafupa, ndipo ulendo uno panalibe chothamangira. Anamwalira kunyumba kwawo ku Kanakantapa, masana, alamu atawagwira dzanja lina, ine lina.

Pamaliro anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzandigwira mkono, akunena kuti ndi chifuniro cha Mulungu, matendawa ndi ovuta, munayesetsa. Ndinkatha kuwayang'ana m'maso n'kuvomera. Ndinalira kwambiri, mpaka mawu anatha, koma ndinalira ngati mng'ono amene wataya mkulu wake, osati ngati munthu amene anawapha.